Bondo la wapaulendo pa msewu wa ku Malindi

Wokwera Sienta kuchokera pa boma la Mangochi kupita ku Malindi amadziwa pamene ululu umayambira. Akakhala kumphepete, bondo limatsamira chitseko, pamene pali kachivindikiro ka sipika ka timabowo tambirimbiri, ndipo galimoto ikamagwa m'maenje kapulasitiki kameneka kamakhula fupa mosalekeza. Potsika pa mishoni ya Malindi, timabowo tija timakhala titadinda pakhungu. Anthu a mipikisano ya magalimoto ku Ulaya nawonso amalidziwa vutoli, chifukwa pokhota mwaliwiro amadzichirikiza ndi bondo ku chitseko. Iwo amamatapo siponji, kapena kugula mpando wakuya wogwira ntchafu. Ku gombe la kummawa kwa nyanja nkhani ya bondo ndi yakale kuposa galimoto, ndipo kuyambira kale yakhala nkhani ya amene wapatsidwa malo ndi amene wamanidwa.

Atsamunda atamanga Fort Johnston (Mangochi wa lero) mu 1891, mzungu wapaulendo wa pamtunda ankayenda chogona. Machila anali nsalu yolimba yopachikidwa pa mtengo wautali, ndipo amuna ankausenza pamapewa mosinthanasinthana, akuthamanga ndi kuimba. Wonyamulidwayo ankatambasula miyendo mmene afunira. Maondo amene ankamva ulendowo anali a onyamula machila ndi a amtengatenga obwera pambuyo ndi mabokosi pamutu, mumchenga wotentha wa m'mbali mwa nyanja ndi pa zitunda zokwera ku Namwera.

Malindi anakula ndi sitima. Amishoni a Anglican a UMCA anaikapo malo okonzera sitima zawo, ndipo yotchuka mwa izo inali Chauncy Maples, yotchedwa dzina la bishopu amene anamira m'nyanja mu 1895. Inapangidwa ku Glasgow, nkubwera zidutswazidutswa kudzera mu Zambezi ndi Shire. Pa mathithi a Shire, pamene madzi sayendeka, amuna mazanamazana anakoka ndi zingwe chithini chake chachikulu chowiritsira madzi. Inalowa m'madzi mu 1901. Kwa zaka zambiri njira yeniyeni ya ku Malindi inali yapamadzi, ndipo ngakhale wokwera wamba ankakhala pansi pakati pa mitolo, ankatha kuimirira, kuwongola miyendo, nkukhalanso. M'bwato la msodzi zinali zina: pakamwa pake ndi popapatiza, moti wopalasa amakhala pamwamba, miyendo yokha ndi imene imalowa mkati, ndipo mtengo umamudya m'mbali mwa maondo. Asodzi achikulire ambiri ali ndi zikang'a pamenepo.

Kenaka kunabwera malole ndi mabasi. Mabasi a UTM, amene anapita m'manja mwa Stagecoach mu 1989 kenaka nkukhala Shire Bus Lines, anali ndi mipando youma, komabe inali mipando yoyezedwa ku fakitale. Kampaniyi itayamba kufooka mpaka kutsekedwa mu 2007, misewu ya fumbi ngati wopita kwa Makanjira inatsalira matola. Kumbuyo kwa pikapu munthu amakhala pa thumba la chimanga kapena pa dengu la usipa, maondo ali pachibwano, wina atakhala pa mapazi ake. Amayi ankamanga chitenje mwamphamvu kuti akhale mwaulemu, ndipo akafika ankatsika miyendo itachita dzanzi, nkuyamba agwira kaye chitsulo cha galimoto asanaponde bwino.

Minibasi ndi imene inapanikiza bondo kwambiri, ndipo chifukwa chake n'chodziwika. Ma Toyota HiAce ambiri amene anadzaza dziko kuyambira m'zaka za m'ma 1990 anachokera ku Japan atagwirako kale ntchito, ena ali onyamula katundu, opanda mipando kumbuyo. Mipandoyo inkawotcheredwa konkuno. Wowotcherera akafupikitsa mpata pakati pa mizere yonse, mwini galimoto amapeza mzere wina wathunthu wa anthu olipira. Kuseri kwa mpando kumakhala chitsulo chosakutidwa, cholunjika pa bondo penipeni. Pansi pa mpando wakumbuyo, pamene mapazi akanalowa, achinyamata anaikapo bokosi la sipika kuti nyimbo zizimveka pa siteji. "Mayi, tasunthani pang'ono, alowe achimwenewa," amatero kondakitala, ndipo mayiyo amasunthadi, ngakhale kosunthira kulibe. Boma linalamula kuti pa mzere pazikhala anthu atatu m'malo mwa anayi. Lamuloli ndi labwino ndipo linathandiza mapewa ndi ziuno, koma silinakhudze mpata wa kutsogolo kwa bondo, umene wowotcherera anauika kale.

Mlatho wa Bakili Muluzi, womangidwa pa Shire ndi thandizo la dziko la Japan, unatsegulidwa mu 2002, ndipo magalimoto ang'onoang'ono anayamba kuwolokera tsidya la Malindi mochuluka. Sienta, imene Toyota inayamba kupanga mu 2003, ndi ya anthu asanu ndi awiri. Kuno imanyamula oposa pamenepo, awiri pa mpando wakutsogolo, nthawi zina dalaivala nayenso atagawana wake ndi munthu. Iyeyo ndiye amavutika tsiku lonse: thupi limapendekera ku chitseko, bondo lakumanja limakhala pa sipika kuyambira m'mawa mpaka madzulo, phazi la mwendo womwewo likuponda mafuta ndi buleki. Ena amapinda kathaulo nkukatsekereza pamenepo. Izi n'zodetsa nkhawa kuposa ululuwo, chifukwa mwendo wopanikizika umachedwa kufika pa buleki mwana kapena mbuzi ikadumphira mumsewu.

Ena mwa okwera ma Sienta amenewa ndi odwala opita ku chipatala cha St Martin's, amayi oyembekezera, ndi atsikana a sukulu ya St Michael's ali ndi masutikesi pamiyendo. Amene atopa ndi kupanikizana tsopano amasankha kabaza wa njinga yamoto, ngakhale mtengo wake ndi wokwererapo. Pamenepo bondo lili ndi malo okwanira, koma lili panja, popanda chitseko cholitchinga, ndipo njinga ikaterereka mumchenga ndi lomwelo limayamba kufika pansi.