Mfuti ya Gogodera: Ulendo Wake Kucokera ku Crimea Kufika ku Cigwa ca Luangwa

Mau Oyamba

Ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene amasonkhanitsa mfuti zakale za asilikali, makamaka zija zothira wonga kukamwa ndi kuyatsa ndi kacipewa ka mkuwa. Iwo amalemekeza mfuti imene sinasinthidwe, yokhala ndi zizindikiro zonse za amene anaipanga. Mu pepala lino tifuna kuonetsa kuti muyeso umenewu ubisa theka la mbiri ya mfutizi, ndipo theka lobisikalo ndi lathu.

Kapangidwe ka Mfutiyi

Mfuti za m'mbuyomo zinali kuyatsa wonga ndi mwala, motero pa mvula zinali kukana. M'caka ca 1807 m'busa wa ku Scotland, Alexander Forsyth, analembetsa njira yoyatsira wonga ndi mankhwala ophulika akamenyedwa, ndipo pambuyo pake mankhwalawo anaikidwa m'kacipewa ka mkuwa kamene Aswahili amacha fataki. M'caka ca 1849 Claude-Étienne Minié wa ku France anakonza cipolopolo ca mtovu ca mphako kumbuyo. Cinali kulowa mosavuta mu mpope, koma wonga ukaphulika cinali kufufuma ndi kugwira mizere ya m'kati mwake, n'kutuluka cikuzungulira. Nzeru ziwirizi zinakumana mu mfuti ya Angerezi yochedwa Enfield ya 1853, imene mpope wake unali wa mainchesi 39.

Nkhondo Zitatu

Enfield inayamba kuoneka pa nkhondo ya ku Crimea (1853–1856). Ku India, m'caka ca 1857, inakhala cimodzi ca zoyatsa kuukira kwakukulu. Msilikali anayenera kuluma pepala lokulungamo wonga ndi cipolopolo, ndipo mphekesera inafala yakuti pepalalo linapakidwa mafuta a ng'ombe ndi a nkhumba, cinthu conyansa kwa Ahindu ndi Asilamu omwe.

Pa nkhondo ya paciweniweni ya ku America (1861–1865) mbali zonse ziwiri zinagula ma Enfield pafupifupi 900,000, kuonjezera pa Springfield ya 1861 yopangidwa komweko. Nkhondo ya Gettysburg itatha m'caka ca 1863, mfuti zoposa 27,000 zinatoledwa pabwalo. Mwa izo, pafupifupi 24,000 zinali zothiridwa kale wonga, ndipo zambiri mwa zimenezi zinali zothiridwa kawiri kapena kuposerapo. Ciwerengero cimeneci citiuza za mantha a munthu amene, pakati pa utsi ndi phokoso, sadziwanso ngati waombera kapena ai.

Moyo Waciwiri

Kwa osonkhanitsa ambiri nkhani ithera pomwepo. Kuyambira 1866 Angerezi anayamba kusandutsa ma Enfield kukhala mfuti za Snider zothira kumbuyo, ndipo maiko ena anacita cimodzimodzi. Mfuti zimene asilikali anazisiya sizinatayidwe. Zambiri zinagulitsidwa, pamodzi ndi zochipa zopangidwa ku Birmingham ndi ku Liège, ndipo zinalowa mu Afirika kudzera ku Zanzibar, ku Quelimane ndi madoko ena. Aswahili ndi Ayao anazitengera kumtunda, pamene Acikunda anakwera nazo Zambezi mpaka ku Zumbo ndi ku Feira. Atsogoleri awo monga Kanyemba ndi Matakenya anamanga ulamuliro wao pa mfuti, posaka minyanga ya njovu ndi akapolo pakati pa Ansenga ndi mitundu yoyandikana nao.

Pangano la ku Brussels la 1890 linaletsa kugulitsa mfuti zamakono m'cigawo cacikulu ca Afirika, nilola za mwala zopanda mizere ndi wonga wamba basi. Linanenedwa kuti ndi lothetsa ukapolo, komabe linathandizanso kuti mphamvu ya zida ikhale mbali imodzi. Mu Januwale 1898 ankhondo a Mpezeni, otsogozedwa ndi mwana wake Nsingo, anakumana ndi mfuti za Maxim ali ndi nthungo ndi zishango makamaka, ndipo anagonja.

Umboni wa Cinenero ndi wa Citsulo

Ife a zinenero tiona kuti Cinyanja cinalandira cida cimeneci ndi kucipatsa dzina lake. Liu lakuti gogodera liyenderana ndi mneni kugogoda, ndipo likumbutsa nchito yotsendera wonga ndi cipolopolo ndi kamtengo kacitsulo. Dzinali silinena za dziko kumene mfuti inacokera, koma za dzanja la munthu woigwiritsa nchito. Liu lakuti cipolopolo nalo linakhazikika kotero kuti ndilo dzina la timu ya mpira ya dziko lathu.

Nkhondo zitatha, gogodera inakhala cida ca mlenje. Stuart Marks, m'buku lake la 1976 lonena za Abisa a m'cigwa ca Luangwa, anafotokoza alenje amene anali kusakabe nyama ndi mfuti zotere. Osula zitsulo anali kuzikonza, thabwa likang'ambika n'kulimanga ndi waya kapena cikopa, ndipo eni ake anali kuzisamala ndi mankhwala ndi miyambo ya ulenje. Pa msika wa osonkhanitsa, zonsezi zimagwetsa mtengo wa mfuti. Kwa wolemba mbiri, ndizo zolembedwa zokha zimene mlenjeyo anasiya.

Mau Otsiriza

Mfuti yokhala ndi korona ndi liu lakuti Tower pa citsulo cake, koma yomangidwa ndi waya wa kumudzi, inyamula mbiri ziwiri. Yoyamba inalembedwa kale m'mabuku ambiri. Yaciwiri ili m'mitu ya okalamba, ndipo ikutha pamodzi nao. Tipempha kuti nyumba zosungiramo zakale, monga Livingstone Museum ndi Moto Moto ku Mbala, zigwirizane ndi ophunzira zinenero, kuti mfuti iliyonse isungidwe pamodzi ndi dzina la mudzi wake, njira imene inadzera, maina a ziwalo zake m'cinenero ca eni ake, ndi nyimbo zimene alenje anali kuimba. Tikacedwa, tidzatsala ndi citsulo cokha.