Mbiri ya Magudumu a Galimoto ndi Mphepo

Munthu aliyense amene anapalasapo njinga pa zitunda za ku Dowa kapena ku Ntchisi m'mwezi wa June adziwa kuti mphepo ili ndi mphamvu. Mwera ukamawomba kumaso, njinga imalemera ngati yasenza thumba la chimanga. Mphepo imalimbananso ndi galimoto, ndipo malo ena amene imagwira zolimba ndiwo magudumu. Panapita zaka zambiri anthu asanazindikire zimenezi.

Masiku a machila ndi ngolo

M'chaka cha 1889, pamene A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anayamba mishoni ku Mvera, m'dziko la Mfumu Chiwere, m'mapiri a Dowa munalibe msewu wa galimoto. Katundu anali kuyenda pamitu ya amtengatenga, ndipo Azungu anali kunyamulidwa pa machila. Nakonso ku Ulaya galimoto zinali zitangoyamba kumene, pakuti Karl Benz wa ku Germany analembetsa ku boma galimoto yake yoyamba mu 1886.

Galimoto zoyambazo zinali kufanana ndi ngolo. Magudumu ake anali panja, ndipo anali ndi masipoko ngati a njinga. Popeza zinali kuyenda pang'onopang'ono, palibe amene anavutika nayo mphepo. Koma injini zitakula mphamvu, amisiri anaona chinthu chodabwitsa. Liwiro likawonjezeka kawiri, kukana kwa mphepo kumawonjezeka kanayi. Ndiye kuti galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imakankhidwa kanayi kuposa yoyenda makilomita 50.

Chifukwa chake magudumu avuta

Gudumu limachita zinthu ziwiri nthawi imodzi: limapita kutsogolo, ndiponso limazungulira. Pansi pake, pamene pakhudza msewu, pamakhala ngati paima, koma pamwamba pake pamathamanga kawiri kuposa galimoto yomwe. Galimoto ikamayenda makilomita 80 pa ola, pamwamba pa tayala pamakumana ndi mphepo pa liwiro la makilomita 160. Masipoko nawo amavundula mphepo monga mthiko uvundula phala, ndipo m'phanga mmene mukhala gudumu mumabadwa akamvuluvulu ang'onoang'ono. Zonsezi zimakokera galimoto m'mbuyo. Akatswiri amene amayesa zimenezi apeza kuti pa kukana konse kwa mphepo, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi limachokera ku magudumu ndi mapanga ake. Mphamvu yotayika chotero imalipiridwa ndi petulo.

Amisiri amene anabisa magudumu

Mmodzi mwa oyamba kulingalira bwino za nkhaniyi anali Paul Jaray, wobadwira ku Vienna. Iye anali kugwira ntchito ku Friedrichshafen m'dziko la Germany, kumene anali kupanga ndege zazikulu zonga chibaluni zotchedwa Zeppelin. Kumeneko kunali nyumba yoyeseramo mphepo. M'nyumbamo anali kuika tigalimoto tachitsanzo, nawomba mphepo ndi makina, nayesa mphamvu imene inali kutikankha. Mu 1921 Jaray analembetsa nzeru yake yakuti galimoto ikhale yozungulira kutsogolo, yosongoka kumbuyo, ndi magudumu olowa m'kati mwa thupi lake.

Ena anatsata nzeru imeneyi. Mu 1934 ku Czechoslovakia kunatuluka galimoto yotchedwa Tatra 77, imene magudumu ake akumbuyo anaphimbidwa ndi malata. Mu 1955 a ku France anaonetsa Citroën DS mumzinda wa Paris, nayonso yobisa mbali ya magudumu akumbuyo.

Komatu kubisa magudumu kuli ndi zovuta zake. Mu 1954 a Mercedes-Benz anapanga galimoto yampikisano yophimbidwa magudumu onse anayi. Woyendetsa wake, Juan Manuel Fangio wa ku Argentina, anapambana nayo ku Reims, kumene msewu ndi wowongoka. Patapita masabata awiri, ku Silverstone m'dziko la England, kumene kuli makona ambiri, iye sanathe kuona pamene magudumu ake anali kuponda, nagunda migolo ya m'mbali mwa msewu, natsiriza pa nambala 4. Pamenepo amisiri anamkonzera ina ya magudumu oonekera, yoyendera misewu yokhotakhota.

Vuto lina ndi kutentha. Mabuleki amakhala m'kati mwa gudumu, ndipo amafuna mphepo kuti azizire. Gudumu lotsekedwa kotheratu limasunga moto, ndipo mabuleki otentha kwambiri amaleka kugwira.

Petulo atakwera mtengo

Mu 1973 maiko a Aluya anachepetsa mafuta ogulitsa kunja, ndipo mtengo wa petulo unakwera pa dziko lonse lapansi. Kuyambira pamenepo nkhani ya mphepo inaleka kukhala ya ampikisano okha. Mu 1999 a ku Japan anatulutsa Honda Insight, galimoto yosamala mafuta, imene inabwezeretsa zophimba magudumu akumbuyo. Mu 2017 galimoto yamagetsi ya Tesla Model 3 inabwera ndi zivundikiro zosalala pa magudumu ake, kuti batire lifike patali. Malole aakulu ambiri a ku America anaikidwa malata m'mbali, kutsogolo kwa magudumu akumbuyo. Ndipo pa galimoto zambiri zamakono pali timapulasitiki tating'ono tolendewera kutsogolo kwa tayala, topatutsa mphepo.

Phunziro la ku mapiri

Nkhaniyi ikhudza Malawi, chifukwa dziko lino silikumba mafuta. Petulo ndi dizilo zimachokera kutali, kudzera pa madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Dontho lililonse lotayika liwonjezera mtengo wa ulendo wa fodya, wa feteleza ndi wa wodwala wopita ku chipatala.

Pa msewu waukulu wa M1, wodutsa pa Mponela ndi Madisi, galimoto zimathamanga, ndipo nzeru za Jaray zimathandiza. Mmenemo woyendetsa wochenjera sachotsa timapulasitiki tija kapena zivundikiro za magudumu, saika matayala aakulu m'lifupi kuposa oyenera, ndipo amachepetsa liwiro, pokumbukira kuti kuthamanga sikufika.

Koma m'misewu yafumbi yokwera kumapiri a Ntchisi zinthu zisiyana. Kumeneko liwiro n'lochepa, ndipo mdani wamkulu ndi matope a m'dzinja, amene angathe kudzaza phanga lopanikiza mpaka gudumu kuleka kuzungulira. Pa mtsetse wa Chezi, potsikira ku Salima, mabuleki afunika mphepo yambiri. N'chifukwa chake malole ndi mabasi oyenda m'mapiri amasiyidwa ndi mpata waukulu pozungulira magudumu.

Chotero mbiri ya zaka zoposa 100 yaonetsa kuti gudumu lophimbidwa lipulumutsa mafuta pa msewu wosalala ndi wowongoka, pamene gudumu loonekera lipulumutsa galimoto ndi anthu ake pa matope ndi pa mtsetse. Mmisiri wanzeru amayamba wafunsa msewu umene galimoto idzayendemo asanasankhe.