Kubwereza mawu m'mapemphero a Abuda

Ena mwa ife kuno ku Chilenje, Kabwata ndi Woodlands timagwira ntchito ndi anthu ochokera ku Asia, ndipo achinyamata athu amaona pa YouTube anthu atakhala pansi akubwereza mawu amodzimodzi kwa nthawi yaitali. Umenewu ndi mwambo wa Abuda, otsatira chiphunzitso cha Siddhartha Gautama amene anaphunzitsa kumpoto kwa India zaka pafupifupi 2,500 zapitazo.

Abuda ambiri a ku China ndi Taiwan amabwereza dzina la Buddha wina wotchedwa Amitabha, m'Chitchaina Amituofo, nthawi zina akuwerenga ndi mkanda wa timikanda 108. Amakhulupirira kuti kutchula dzinali kumakhazika mtima pansi, ndipo munthu akafa adzabadwanso m'dziko loyera la Amitabha. Dzina lomweli ndi limene lili pa Amitofo Care Centre, malo olerera ana amasiye pafupi ndi Blantyre ku Malawi, amene anayambitsidwa ndi Hui Li, mmonke wa ku Taiwan. Ana kumeneko amalawira m'mamawa kukachita mwambowu.

Njira ina ndi ya Nichiren, mmonke wa ku Japan amene mu 1253 anayamba kuphunzitsa anthu kubwereza mutu wa buku lotchedwa Lotus Sutra. Gulu la Soka Gakkai, loyambika mu 1930, limachita zimenezi m'mawa ndi madzulo litayang'ana mpukutu wolembedwa wotchedwa Gohonzon.

Khama lawo la tsiku ndi tsiku ndi loyamikika. Ambiri a ife nthawi ya pemphero la m'mawa imatithera pa foni. Koma tisasokoneze zinthu. Chibuda sichiphunzitsa za Mulungu Mlengi, ndipo chimati munthu amabadwa kambirimbiri mpaka atamasuka. Ife timapemphera kwa Atate amene amamva, kudzera mwa Yesu Khristu. Kubwereza pakokha si vuto, pajatu Salimo 136 limabwereza mzere umodzi m'mavesi onse 26. Chimene Ambuye akuletsa pa Mateyu 6:7 ndi kuganiza kuti kuchuluka kwa mawu ndiko kumatimvetsa kwa Mulungu.

Dziko la Zambia linalengezedwa kukhala lachikhristu mu 1991, komabe malamulo athu amateteza ufulu wa chipembedzo wa aliyense. Mnzanu wachibuda akakuitanani kwawo, pitani mukacheze, mukadye naye. Akakupemphani kuti mubwereze naye mawuwo, kaya akuti n'kongopumitsa maganizo, mufunseni tanthauzo lake ndi amene akutchulidwa, kenaka kanani mwaulemu. Amene munayamba kale kuchita mwambowu, kaonaneni ndi abusa kapena akulu a mpingo a dera lanu.