Moto wa nthawi ya mphukira unali ndi eni ake

Mwezi wa Ogasiti ukamatha, chisanu chitayamba kugonja, mitengo ya mombo, tsamba ndi mchenga imatulutsa mphukira zofiirira mvula isanagwe ngakhale dontho. Wodutsa pa msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu amasirira mapiri. Koma ndi nthawi yomweyonso imene maso amayabwa ndi utsi, ndipo usiku mizere ya moto imaoneka ikukwawa m'zitunda. Mukafunsa m'mudzi wapafupi kuti wayatsa ndani, yankho sasowa: “Kaya, mwina ana osaka mbewa.”

Kale funso limeneli silinkayankhidwa ndi kaya. Moto wa tchire unali ndi eni ake, unalinso ndi tsiku lake.

Achewa ankauopa moto kuyambira mu nthano yawo ya chilengedwe. Amati anthu oyamba anatsikira pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, ndipo ankakhala mwamtendere ndi Chauta ndi nyama zonse. Tsiku lina munthu anapeka timitengo tiwiri, moto n'kubuka, tchire n'kuyaka. Nyama zinathawa zili ndi mkwiyo, galu ndi mbuzi n'kuthawira kwa munthu, Chauta n'kukwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Mtundu umene umaphunzitsa ana ake kuti Chauta anachoka chifukwa cha lupsa sungasiye moto m'manja mwa aliyense.

Wansembe wa Katolika wochokera ku Netherlands, Matthew Schoffeleers, amene anaphunzitsapo ku Chancellor College, analemba mu 1971 za tanthauzo la moto wa tchire m'chipembedzo cha makolo. Pa phiri la Bunda, kufupi ndi Lilongwe, kutentha tchire unali mwambo wa chaka ndi chaka wotsogozedwa ndi akuluakulu a kachisi wa mvula, ndipo anthu ankakhulupirira kuti utsiwo ndiwo umasanduka mitambo. Woyatsa nthawi isanakwane ankapalamula mlandu. M'midzi, mfumu ndiyo inkalengeza za uzimba: amuna ankasonkhana ndi mauta, zibonga ndi agalu, n'kutentha chigawo chimene agwirizana, osati dziko lonse.

Chinanso chinkamanga manja a woyatsa, ndipo chinali cha pabanja. Nyumba iliyonse, nkhokwe ndi khola zinali zofolera ndi udzu. Amayi ankayamba amweta tsekera, kumanga mitolo ndi kuimika pa mtengo kuseri kwa nyumba. Mkamwini watsopano, amene ukwati wake wangochitika kumene anthu atakolola, ankayembekezeka kumanga nyumba kwawo kwa mkazi ndi kusosa munda wa apongozi. Mnyamata wotentha dambo udzu usanamwetedwe ankakhala atatentha denga la mlongo wake, ndipo malume ake ndiwo ankakaimirira pa bwalo.

Atsamunda atafika anaona moto ngati mdani basi. Anakhazikitsa nkhalango za boma, Dzalanyama mu 1922, ndipo lamulo la nkhalango la 1926 linabweretsa nkhalango za m'midzi zoyang'aniridwa ndi mafumu. Malamulo a nyama anafooketsa uzimba, amishoni nawo anafooketsa akachisi. Chodabwitsa n'chakuti akatswiri a atsamunda omwewo anadzazindikira kuti vuto lenileni ndi nthawi yoyatsira. Ku Ndola, m'dziko la Zambia, anayamba kuyesa mu 1933: chigawo china ankachitentha molawirira udzu udakali ndi chinyontho, china mochedwa mu Okutobala, china osachitentha konse. Zotsatira zake, zimene Colin Trapnell anasindikiza mu 1959, zinaonetsa kuti moto wochedwa unkapha mitengo ya mtundu wa mombo, pamene nkhalango yotenthedwa molawirira inkapirira. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mtengo umatulutsa mphukira ndi chakudya chimene unasunga m'mizu. Moto wolusa ukazipsereza, mtengowo uyenera kuyambiranso, ndipo ukatero chaka ndi chaka umatheratu mphamvu.

Pamene izi zinkachitika, midzi inali kutha amuna. Ambiri anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ena ku Harare ndi ku minda ya fodya, mpaka Kamuzu Banda anaimitsa ulendo wa Wenela mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70. Obwerako ankabwera ndi njinga, wailesi ndi ndalama za malata. Sindikunyoza malata, amene anagonapo m'nyumba yodontha amadziwa ubwino wake. Koma banja likakhoma malata, udzu wa kudambo umasiya kukhala chuma chake, ndipo mlonda mmodzi wa tchire amachepa.

Lero maulendo a ku Joni akupitirirabe, pa basi tsopano, ndipo m'makomo ambiri mwatsala agogo ndi adzukulu. Gogo sangathe kukwirira mapesi m'munda wonse yekha, ndiye amaunjika n'kuyatsa. Mphepo ya Seputembala ikauluza lawi limodzi, zatha. Adzukulu amatentha thengo kuti mauna a mbewa aoneke, ndipo mbewa zowiritsa zopanidwa pa timitengo zimakagulitsidwa kumsewu, n'kugula sopo ndi makope. Banja latsopano silimanganso ya mitengo ndi dothi: limaumba njerwa, ndipo uvuni umodzi umameza mitengo ikuluikulu yosawerengeka ndi zala za dzanja limodzi. Anthu amene anali pafupifupi 4 miliyoni pa kalembera wa 1966 anafika 17.5 miliyoni mu 2018, tchire likucheperachepera.

Boma lili ndi lamulo la nkhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020. Mu 2015 asilikali anatumizidwa ku Dzalanyama kukateteza nkhalango ya mahekitala pafupifupi 99,000 imene imadyetsa mtsinje wa Lilongwe ndi madamu a Kamuzu. Msilikali angathe kulanda thumba la makala ndi njinga yake, koma woyatsa moto sasiya thumba. N'chifukwa chake m'midzi ina mafumu ayambanso kuika malamulo awoawo: kulambula mphepete mwa nkhalango ya mudzi kusanatenthe, ndi kulipitsa nkhuku kapena mbuzi banja la mwana amene wagwidwa ndi machesi.