Chilonda cha pankhumbu ndi tsiku loletsa mwana bere ku Lilongwe

Mwana akakwanitsa miyezi 6 kapena 7, timano tiwiri ta m'munsi timayamba kutumphuka, nkhama zimamuyabwa, dovu silikata, ndipo chilichonse chofika pakamwa amachikukuta. Bere la mayi wake nalo silipulumuka. Chilonda chake sichikula, kawirikawiri ndi kamng'alu chabe patsinde pa nkhumbu, koma chimatsegukanso mwana akangoti ayamwe, mpaka mayi amayamba kuluma mlomo mwana asanafike n'komwe pachifuwa. Kwa amayi ena a ku Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Mgona, kachilonda kameneka ndi kamene kamagamula tsiku loletsa mwana bere. Mbiri ya mzinda uno ikuonetsa kuti kale sizinali choncho. Dziko lino lachita zazikulu poteteza mkaka wa m'mawere, koma mwini bere uja anatsala yekha, makamaka pa miyezi ya mano, imene kale ankakhala atazunguliridwa ndi anthu odziwa.

Chigwa cha Lilongwe ndi dziko la Achewa, ndipo m'midzi yambiri ukwati unali wa chikamwini. Mkazi ankabereka pakhomo pa makolo ake, kulowa m'chikuta ndi kutulukamo m'manja mwa mayi ake, agogo ake ndi anamkungwi. Mwambo wotenga mwana unkaika malire a nthawi imene bambo angabwerere kumphasa, ndipo kutumbiza kunali chinthu chamanyazi kwa banja lonse. Zotsatira zake zinali zakuti mwana ankayamwa zaka ziwiri ngakhale kuposerapo, kutanthauza kuti pafupifupi mano onse a ubwana ankamera iye akadali pabere. Kulumidwa kunali nkhani ya masiku onse, ndipo kunkachitika pabwalo, pamtondo, pamaso pa akuluakulu. Mtsikana akakuwa ndi kumutsomphola mwana, panali womudzudzula pompo kuti bere salikoka mwana ataliluma, chifukwa kukokako ndiko kumang'amba khungu. Amalowetsa kachala kakang'ono m'mbali mwa kamwa kuti nsagwada zimasuke, kapena kumukokera mwanayo pafupi kwambiri kuti atsegule yekha pakamwa. Nzeru imeneyi ikugwirizana ndi zimene achipatala amadziwa lero: mwana amene akuyamwa mwakhama sangalume, pakuti lilime lake limakhala litaphimba mano a m'munsi. Amaluma akakhuta, akayamba kusinza, akamacheukira zina, mphuno zikatsekeka ndi chimfine, kapena mkaka ukamatuluka pang'onopang'ono. Wodziwa amamuchotsa asanafike pamenepo. Tsabola wopaka pankhumbu analipo, kutumiza mwana kukagona kwa agogo kunaliponso, koma zinkadza kumapeto, mwana akuyenda yekha ndi kutema nsima ndi dzanja lake.

Boma la Dr Kamuzu Banda litasamutsa likulu kuchoka ku Zomba, ndipo Lilongwe n'kukhala likulu mu 1975, anthu anakhamukira kuno kudzafuna ntchito. Kawale ndi Biwi zinadzaza, ma puloti anagawidwa ku Area 23 ndi Area 25, ndipo amene sanapeze malo anamanga mothithikana ku Chinsapo, komanso ku Mgona pafupi ndi mafakitale a ku Kanengo. Apa chikamwini chinatembenuka popanda wochilengeza: mkazi ndiye anatsatira mwamuna m'nyumba ya lendi, kutali ndi mbumba yake. Oyandikana nawo pamdadada anali a zinenero zina ndi miyambo ina, anthu abwino ndithu, koma osati oti n'kuwavulira bere kuti aone chilonda. Ntchito nayo inadula nthawi. Lamulo la ntchito la mu 2000 limapatsa mayi masabata 8 a tchuthi cha uchembere kamodzi pa zaka zitatu, koma wogulitsa tomato mumsika, wochapa m'nyumba za ku Area 10 kapena wosankha fodya pa ganyu alibe womulipira tchuthi. Chimene chinapulumuka pa ulendo wochoka kumudzi ndi mbali youma ya mwambo: tsabola, ndi chikhulupiriro chakuti bere likagona tsiku osayamwidwa mkaka wake wasasa. Mbali yofewa, ya munthu wamkulu wokhala pambali kumuuza mtsikana kuti pirira masiku atatu chipola ichi, inatsala kumudzi. Ana ena oluma anayamba kuletsedwa msanga, n'kugwera paphala lamadzimadzi la ufa woyera. Kunyentchera kwa ana osiya bere si kwachilendo m'dera lino; n'chifukwa chake a chipatala cha mishoni cha Likuni, chimene chili moyandikana ndi Chinsapo, anayambitsa Likuni Phala m'zaka za m'ma 1960.

Chipatala chinalowa m'malo mwa agogo, ndipo ntchito yake siyenera kuchepetsedwa. Mu 1981 mayiko anagwirizana za malamulo oletsa kutsatsa mkaka wa m'zitini mosocheretsa, mu 1991 mabungwe a WHO ndi UNICEF anayambitsa ndondomeko yoti zipatala zizilimbikitsa kuyamwitsa, ndipo Malawi anailandira. Mawu oti kuyamwitsa mwakathithi analowa m'nyimbo za kusikelo ndi pa wailesi. Kafukufuku wa boma wa mu 2010 anapeza kuti ana 71 mwa 100 aliwonse osakwana miyezi 6 ankayamwa bere lokha. Wa mu 2015 mpaka 2016 anapeza kuti chiwerengerocho chatsika kufika pa 61. Komatu uthenga wonsewu mphamvu yake ili pa miyezi 6 yoyambirira, ndipo umafooka pamwezi weniweni umene mano amayamba kumera. Kusikelo wokwezedwa ndi mwana, wolembedwa m'buku ndi mwana, wobayidwa katemera ndi mwana. Mayi amene waima pamzere kuyambira mbandakucha, atakulunga nkhumbu ndi kansanza kuti isamatirire ku bulauzi, safunsidwa kanthu za thupi lake, ndipo pagulu lotere iye sangayambe yekha. Boma litaletsa azamba kubereketsa mu 2007, pa zifukwa zomveka za imfa za amayi, linachotsanso mosadziwa munthu mmodzi amene mayi wa m'tauni ankamasuka kumuonetsa bere.

Kachilombo ka HIV, kamene kanapezeka koyamba m'Malawi mu 1985, kanasintha tanthauzo la chilondacho. Kafukufuku wa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amene anatuluka mu 1999, anaonetsa kuti ana ankatenga kachilomboka poyamwa, ndiponso kuti kutupa kwa bere kumachulukitsa tizilombo mumkaka. Kuyambira pamenepo, mng'alu wotuluka magazi unasanduka khomo la imfa m'maganizo a amayi. Malangizo a nthawiyo anali oti mayi amene ali ndi kachilombo ayamwitse mwakathithi miyezi 6 kenako aletse mwana mwachangu. Zotsatira za malangizowa zinaonekera m'Lilongwe momwe muno. Kafukufuku wotchedwa BAN, amene bungwe la UNC Project linachita kuyambira 2004 mpaka 2010 pakati pa amayi 2,369 ndi ana awo, anatsimikiza kuti mayi akamamwa ma ARV, kapena mwana akamalandira mankhwala a nevirapine tsiku lililonse, chiopsezo choti mwanayo atenge kachilomboka chimatsika kwambiri. Anaonetsanso kuti ana ataletsedwa bere pa miyezi 6 ija, kutsegula m'mimba, kupinimbira ndi imfa zinachuluka. Mu 2011 Malawi anakhala dziko loyamba kuyambitsa ndondomeko ya Option B+, yopereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilombo, ndipo amayi anayamba kuuzidwa kuti ayamwitse mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Kumeneku kunali kupambana kwenikweni, koma kukutanthauza kuti mayi amene anaphunzitsidwa kuopa dontho la magazi pankhumbu tsopano akuyamwitsa nyengo yonse ya mano. Akafuna kuletsa msanga, anthu pampopi amayamba kunong'ona. Akapitiriza, mantha amamudya yekha usiku. Chofunika kuti amve n'chachidule: asadumphe mankhwala, aleke kuyamwitsa bere la chilondalo kufikira lipole, alifinye n'kutaya mkakawo kuti lisatupe, apitirize ndi bere linalo, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Ena anena kuti m'mzinda wa malungo, chibayo ndi kolera, kulira za kachilonda ka pankhumbu n'kutaya nthawi ya anamwino amene ndi ochepa kale. Mavuto omwewo ndiwo akuchititsa kuti chilondacho chikhale chachikulu. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, woopsa kuposa yonse m'mbiri ya dziko lino, unakantha kwambiri madera othithikana a Lilongwe, kumene madzi amagulidwa pa kiyosiki ndipo akasowa anthu amathamangira kuzitsime zoyandikana ndi zimbudzi. Kumalo otere, mwana wa miyezi 9 amene wasiya bere wataya chakumwa chokhacho chimene ukhondo wake unali wotsimikizika, ndipo chitini cha mkaka banja lodalira ganyu silingachikwanitse. Chithandizo cha chilondacho n'chotchipa poyerekeza ndi drip ya mwana wotsegula m'mimba ku chipatala cha Kamuzu Central. Mayi atsuke ndi madzi aukhondo popanda sopo, afinyire kamkaka pabalapo n'kulisiya liume ndi mphepo, ayambe kuyamwitsa ku bere labwino kuti mwana afike ku linalo njala itachepa, ndipo asinthe kagwiridwe kuti mano asagwere pamalo omwewo. Ululu ukanyanya, afinyire mkaka m'kapu yotsuka bwino n'kumumwetsa. Bere likafiira, kutentha, kulimba kapena kutuluka mafinya, thupi n'kumaphwanya ngati malungo, imeneyo ndi nkhani ya kuchipatala, osati ya mankhwala a pagolosale. Zonsezi mlangizi wa zaumoyo angazinene m'mphindi zochepa asanayambe kukweza ana.

Enanso anena kuti uku n'kukometsa zakale ndi kumanga mkazi pabere, chikhalirecho thupi ndi lake. Pali choona pamenepa. Agogo omwe aja ndiwo ankaletsa mwana bere tsiku limodzi akamva kuti mayi waima, poopa kuti ayamwira, ndipo utumbidwa umene unkatsatira unali njala chabe yochokera m'kuletsako. Achipatala amati mayi wapakati wathanzi angathe kupitiriza kuyamwitsa. Tsabola pachilonda chotseguka ndi nkhanza kwa mayi ndi mwana yemwe, ndipo palibe chifukwa chomubwezeretsa. Mkazi alinso ndi ufulu wonena kuti watopa. Koma amene waletsa mwana usiku wa ululu, akulira yekha m'chipinda cha lendi mwamuna ali ku shifiti ya usiku ku Kanengo, sanasankhe kanthu. Chilonda ndicho chamusankhira, ndipo m'mawa mwake amadzuka ndi mawere otupa ndi mwana wokana phala. Akadadziwa kuti ana ambiri amaleka kuluma pakapita masiku ochepa ngati nthawi iliyonse akaluma achotsedwa pabere modekha, akadatha kudikira, kapena kuletsa pang'onopang'ono pa mwezi umene iye mwini wakonza. Magulu a amayi oyendera anzawo khomo ndi khomo pa nkhani za kadyedwe alipo kale m'madera ambiri, ndipo ndiwo angalowe m'nyumba n'kuona bere, chinthu chimene mzere wa kusikelo ku Kawale kapena ku Area 25 sungalole. Maphunziro awo afunika kufika mpaka miyezi ya mano, ndipo pofika pakhomo azifunsa za mayi asanapemphe buku la mwana.