Munthu ndi Gulu m'Nthano za Pambuyo pa Chiwonongeko

Akuluakulu adati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Mwambiwu umayamikira umodzi, koma sutchula zimene munthu amataya kuti gulu limulandire. Funso limeneli lakhala likusautsa alembi a nthano zosimba za moyo wa opulumuka dziko litawonongeka, ndipo yankho lawo lakhala likusintha ndi nyengo.

M'chaka cha 1826, Mary Shelley wa ku England adatulutsa buku lotchedwa The Last Man, m'mene mliri umatha mtundu wa anthu mpaka kutsala Lionel Verney yekha. Kwa Shelley choopsa chachikulu chidali kusungulumwa, pakuti ufulu wa munthu wopanda mnzake ndi chilango chabe.

Mabomba amene adagwa pa Hiroshima ndi Nagasaki mu 1945 adasonyeza kuti dziko lingathedi. Alembi adayamba kufunsa za malamulo amene otsalawo angakhazikitse. Mu 1949, George R. Stewart wa ku America adasimba m'buku la Earth Abides za kagulu ka opulumuka mliri ku California. Mlendo wina, Charlie, adafika ali ndi nthenda yopatsirana pogonana, nayamba kusirira mtsikana wosakhwima nzeru. Akulu a gululo adaponya voti, namupachika asadalakwire lamulo lililonse lolembedwa. Pano chilakolako cha mmodzi chidaweruzidwa ndi mantha a ambiri, ndipo Stewart sadabise kulemera kwa mlanduwo pa mitima ya oweruza.

John Wyndham adatembenuza nkhaniyi mu 1955. M'buku la The Chrysalids, anthu a m'mudzi wa Waknuk ku Labrador amatentha mbewu ndi kupha ziweto zobadwa mosiyana ndi zinzake, ndipo munthu wotere amamutseka kubereka ndi kumupirikitsira kuthengo. Sophie adasanduka wonyansa pamaso pa mudzi chifukwa cha chala chachisanu ndi chimodzi cha kuphazi. Chida cha gululi chidali mawu: likangopatsa mwana dzina lakuti chonyoza Mulungu, umunthu wake unkathera pomwepo, ngakhale kwa abale ake. Mnzake wa Sophie, David Strorm, amene ankalankhulana ndi ena m'maganizo, adathawa bambo wake womubereka.

Komabe Wyndham sadapereke chipambano kwa munthu payekha. Amene adapulumutsa David adachokera ku gulu lina lakutali, ndipo adapha adani ake mopanda chisoni, ali otsimikiza kuti mtundu wawo ndiwo woyenera kulowa dziko.

Mbiri imeneyi ikutiphunzitsa kuti wothawa mudzi amakafika kumudzi wina. Mutu umodzi susenza denga, n'zoona, koma owerenga ayenera kufunsa nthawi zonse kuti ndani wasiyidwa pabwalo denga likakwera, ndiponso kuti ndani adamutcha dzina limene lidamutsekera khomo.