Nyumba ya Ofufuza ya ku Bulawayo Inayambira mu Laibulale

Mu 1902, anthu ofuna kuona miyala ya golide ku Bulawayo ankalowa pakhomo limodzi ndi obwereka mabuku. Rhodesia Museum inalibe nyumba yakeyake, choncho inapatsidwa chipinda mu Bulawayo Public Library, laibulale yomwe inakhazikitsidwa mu 1896. Amene anakakamira kuti pakhale malo otere anali eni migodi ndi bungwe la Rhodesia Scientific Association. N'chifukwa chake woyang'anira woyamba, F. P. Mennell, anali katswiri wa miyala: ndalama zinali pansi pa nthaka, ndipo kafukufuku analondola komweko.

Zinthu zitachuluka, anasamukira mumsewu wa Fort Street mu 1910, ndipo boma linatenga udindo woyendetsa malowa mu 1936.

Kumayiko olemera, malo otere amaitana ophunzira ndi kuwalipirira miyezi ingapo kuti afufuze n'kubwerera kwawo. Ku Bulawayo ntchito yaikulu inagwiridwa ndi anthu okhazikika, okalambira pantchito. George Arnold anafika mu 1911 n'kutha zaka zoposa 30 akusanthula nyerere ndi mavu. Neville Jones, mmishonale wa ku Hope Fountain, anatola zida zamiyala za anthu akale. Elliot Pinhey, amene anayamba ntchito mu 1955, anatsata atombolombo mpaka kulemba mndandanda wa a ku Malawi. Zolemba zambiri zotere zinkatuluka m'magazini ya Arnoldia, yotchedwa dzina la mkulu wa nyerere uja. Koma anthu akuda amene ankatchera misampha, kusenda zikopa ndi kulondolera njira m'thengo, mayina awo sapezeka kawirikawiri pazikuto za mabukuwo.

Nyumba yatsopano ya malowa, yozungulira, ya ku Centenary Park inatsegulidwa mu 1964. Dziko litalandira ufulu mu 1980, boma linagawa ntchito za malo osungirako zakale, nyumba ya ku Bulawayo n'kusanduka likulu la zachilengedwe lotchedwa Natural History Museum of Zimbabwe. Donald Broadley anasamutsira kumeneko njoka, abuluzi ndi achule omwe anasonkhanitsa ali ku Mutare. Ndi yemweyu amene mu 1965 analongosolera asayansi za nanzikambe wa m'phiri la Mulanje, ndipo anapitiriza kufufuza ku Bulawayo atapuma kale pantchito, mpaka anamwalira mu 2016.